Python Wake Uti?

Lachitatu la sabata yatha, cha m'ma 11 koloko usiku, ndinali khale pabedi ku hositelo, laputopu ili pamiyendo, ndikuyang'anitsitsa mzere umodzi umene unali utandibwerera kachisanu ndi chiwiri: ModuleNotFoundError: No module named 'nltk'. Kunena kwake, kompyuta sinkapeza phukusi lotchedwa nltk. Chonsecho phukusilo ndinali nditaliika ndekha madzulo omwewo, ndi bandulo yanga, ndipo kompyuta yomweyo inali itavomera kuti lalowa. Nditayesa kuliikanso, inandiyankha kuti ndisadzivutitse, lilipo kale. Ndiye chinthu chimodzi chinalipo komanso panalibe, pamakina amodzi, usiku umodzi. Ntchito yake inkafunika Lachisanu m'mawa, ndipo sinali yanga ndekha. Tinalipo anayi m'gulu, ndipo anzanga atatuwo anali atagona mtima uli m'malo, poganiza kuti mbali ya kompyuta ili m'manja mwa katswiri.

Katswiriyo ndinali ine, munthu wophunzira za ziyankhulo ndi zolembalemba, amene nzeru zake zonse za code zinachokera ku semesita imodzi ya R. Ntchito yathu inali yofufuza mawu obwereka ku Chingerezi amene amapezeka kawirikawiri m'nkhani za Chichewa za m'nyuzipepala, mawu ngati komiti, bajeti, kampeni ndi khansala. Tinatolera nkhani 120, zina pozikopera, zina pozitaipa tokha. Kuti muwerenge mawu ndi kompyuta, muyenera kuyamba mwaduladula ziganizo zonse kuti liwu lililonse liime palokha. Achimwene ena amene anamaliza maphunziro chaka chatha anachitapo ntchito yofanana ndi yathuyi, ndipo anatikomera mtima n'kutitumizira fayilo yawo pa WhatsApp, pamodzi ndi uthenga waufupi: "Ingosinthani dzina la foda, zina zonse zili bho."

Fayiloyo inali yolembedwa mu R, koma pamzere wachitatu inkaitana Python. Kwa amene simunakumanepo nazo, izi ndi ziyankhulo ziwiri zosiyana zolamulira kompyuta. R anayambitsidwa ndi Ross Ihaka ndi Robert Gentleman ku yunivesite ya Auckland ku New Zealand kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo amakondedwa ndi anthu owerengera manambala ndi kujambula magirafu. Python anatulutsidwa ndi Guido van Rossum wa ku Netherlands mu 1991, ndipo ali ndi zida zambiri zogwirira ntchito pa mawu, kuphatikizapo NLTK, imene Steven Bird ndi Edward Loper anayamba ku yunivesite ya Pennsylvania mu 2001. R sadziwa Python, Python sadziwa R. Pakati pawo pamaima womasulira, phukusi la R lotchedwa reticulate, lopangidwa ndi kampani ya RStudio, imene inasintha dzina kukhala Posit mu 2022. Dzina la womasulirayu ndi nthabwala chabe: pali mtundu wa nsato wa kum'mwera chakum'mawa kwa Asia umene pa Chingerezi umatchedwa reticulated python. Koma dzina la Python weniweniyo silinachokere ku njoka, linachokera ku pulogalamu ya nthabwala ya pa TV ya ku Britain, Monty Python's Flying Circus. Zonsezi ndinaziwerenga cha m'ma 1 koloko usiku, nthawi imene munthu amawerenga chilichonse kupatula chimene chingamuthandize.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndiwanena msanga kuti otsutsa akonzeke: munthu amene wapatsa mnzake code osamuuza zinthu zimene code-yo imadalira wamupatsa theka la ntchito, ndipo theka lotsalalo ndiye lovuta. Pamene ziyankhulo ziwiri zikuitanizana, vutoli limakula kawiri, chifukwa chilichonse chimabwera ndi katundu wake, ndi malo ake osungira katunduyo. Ndikuona kuti ife a humanities, amene tayamba kugwiritsa ntchito zida zimenezi, tiyenera kuchita nazo mmene timachitira ndi mabuku amene tatengamo mfundo. Koma ndiyambe ndakuuzani mmene ndinapusira.

Chinthu choyamba chimene ndinachita ndi chimene aliyense amachita: kubwereza. Ndinatsegula kawindo kakuda kolembamo malamulo kaja, kamene amati terminal, n'kulembanso pip install nltk. Pip ndi kapulogalamu koikira maphukusi a Python. Kanati zonse zilipo. Ndinabwerera ku R, mzere womwe uja. Ndinazimitsa laputopu n'kuyatsanso, monga timachitira ndi foni ikamavuta. Mzere womwe uja. Ndinafunsa imodzi mwa mapulogalamu a AI oyankha mafunso aja, ndipo inandilangiza mwaulemu kwambiri kuti ndilembe pip install nltk. Sindikuidandaula, chifukwa ndinangoipatsa mzere wolakwikawo popanda kufotokoza china chilichonse, ndipo iyo sinkaona m'kati mwa laputopu yanga. Kenako ndinapeza munthu wina pa intaneti amene analemba kuti iye vutoli linatha ataika Anaconda, chimtolo chachikulu chimene chimabwera ndi Python ndi maphukusi ambirimbiri pamodzi. Fayilo yake ndi ya mamegabayiti mazanamazana. Ndinayang'ana bandulo yanga, ndinayang'ana tsiku, n'kudina. Bandulo ya sabata yonse inathera pamenepo, ndipo ndalama imene ndinagulira ina inali ya ndiwo. Anaconda atalowa, ndinayendetsanso fayilo ija. Mzere womwe uja.

M'mawa mwake ndinapita kuchipinda cha mnzanga wina wa sayansi ya makompyuta, amene tinaphunzira limodzi ku sekondale. Ndinamupeza akutsuka m'mano. Anayang'ana sikirini ali chiimire, mswachi uli m'kamwa, n'kundifunsa kuti, "Aise, waika nltk mu Python uti?"

Ndinati, "Uti bwanji? Python si mmodzi?"

Anaseka mpaka kutsamwa. Atalavula, anandiuza kuti ndilembe py_config() mu R. Lamulo limeneli limachititsa reticulate kuulula Python amene akuyankhula naye, ndi foda imene Python ameneyo amakhala. Adiresi imene inatuluka sindinkaidziwa n'komwe: inali mkatikati mwa mafoda obisika a Windows, mufoda yotchedwa r-miniconda, mkati mwake muli ina yotchedwa r-reticulate. Kenako anandiuza kuti ndifunse terminal kuti Python wake amakhala kuti. Inatchula adiresi ina. Anaconda wa dzulo lake anali ndi adiresi yachitatu.

Mu laputopu yanga munali ma Python atatu. Woyamba ndinamuika ndekha chaka chatha nditaonera kavidiyo kophunzitsa Python, kamene sindinakamalize. Wachiwiri analowa tsiku lina pamene reticulate, amene ndinamutenga pa fulashi ya mnzanga pamodzi ndi R, anandifunsa ngati ndikufuna kuti aike Miniconda, ine n'kuvomera osawerenga. Wachitatu ndi uja anadya ndiwo zanga. Aliyense wa atatuwa ali ndi nkhokwe yakeyake ya maphukusi, ndipo sabwerekana. Pip wa mu terminal ankaika katundu m'nkhokwe ya woyamba. Anaconda amabwera ndi NLTK kale m'nkhokwe yake. Koma R ankayankhula ndi wachiwiri, yekhayo amene analibe kanthu. Phukusi limene ndinkalifuna linali m'nyumba ziwiri mwa zitatu, ine ndikugogoda pa yachitatuyo usiku wonse.

Amene munakulira kumudzi mukuzidziwa izi. Mumatuma mwana kuti akasiye thumba la chimanga kwa a Banda. M'mudzimo muli a Banda atatu. Mwana akubwerako n'kunena kuti wasiya, ndipo sakunama. A Banda amene mumanena akukuuzani kuti sanalandire kanthu, ndipo nawonso sakunama. Mukatumizanso thumba lachiwiri kudzera kwa mwana yemweyo, ndi mawu omwewo, likafikanso kumene linafika loyamba. Kuchulukitsa matumba sikuthandiza. Chofunika ndi kufunsa kuti a Banda ake ati.

Kukonza kwake kunatenga mphindi zosakwana zisanu, ndipo sikunadye ngakhale megabayiti imodzi. Mnzangayo analemba use_python(), n'kuika adiresi ya Python woyamba uja mkati mwake. Poyamba R anakana, ndipo apa pali kamsampha kena kamene ndikufuna kuti mukadziwe. Reticulate akangogwirana chanza ndi Python mmodzi, sangasinthe n'kupita kwa wina mpaka mutatseka R ndi kumutsegulanso. Choncho mzere wosankha Python uyenera kukhala pamwamba penipeni, musanaitane phukusi lililonse la Python, ndipo muyenera kuyambiranso R kuti umveke. Anthu ambiri amalemba mzere wolondola pamalo olakwika, n'kuganiza kuti njirayo siigwira ntchito. Tinatseka, tinatsegula, ndipo mzere wozunza uja sunabwerenso.

Panabwera wina. Uwu unkati LookupError. NLTK inali itapezeka, koma nayo inali ndi chimene imadalira: kuti idule ziganizo imafuna kafayilo kapadera kamene sikabwera pamodzi ndi phukusi, mumakatenga panokha. Mnzanga uja anali atapita kukalasi, ndiye ndinabwerera ku khalidwe langa. Ndinafufuza pa intaneti, n'kupeza mayankho ambiri onena kuti nditenge kafayilo kotchedwa punkt. Ndinakatenga. Vuto silinathe. Nditatopa, ndinawerenga uthenga wolakwikawo kuyambira pamwamba mpaka pansi, kwa nthawi yoyamba chiyambire Lachitatu. Unali utalemba momveka bwino kuti chikusowa ndi punkt_tab, ndipo unali utalembanso lamulo lenileni loti ndikatengere. Kuyambira mu 2024, NLTK yatsopano inasiya kugwiritsa ntchito kafayilo kakale kaja n'kuyamba kufuna katsopanoka. Mayankho a pa intaneti aja anali olondola m'nthawi yawo. Achimwene aja ayenera kuti anali ndi NLTK yakale, ndipo kafayiloko anakatenga kalekale n'kuiwala kuti anachitapo zimenezo.

Apa ndiyenera kuvomera mlandu wanga. Zaka zitatu tsopano ndikuphunzitsidwa kuwerenga mosamala. Ndikhoza kukhala ola lathunthu pa ndime imodzi ya ndakatulo, kufunsa kuti akuyankhula ndani, akuyankhula kwa yani, ndipo n'chifukwa chiyani wasankha liwu ili osati ilo. Koma nditaona uthenga wa kompyuta, ndinauona ngati kukuwa chabe, ngati galu akuuwa usiku. Sindinafunse funso loyamba limene timafunsa pa lemba lililonse: akuyankhula ndani? Ndikanafunsa, ndikanaona kuti ModuleNotFoundError si mawu a R. Ndi mawu a Python, amene reticulate anangowanyamula n'kundipatsira. Ndipo ndikanadziwa kuti woyankhulayo ndi Python, funso lotsatira likanabwera lokha: Python wake uti? Mnzanga wa kompyuta uja sanachite matsenga. Anangowerenga mmene ine ndimayenera kuwerengera.

Koma mlandu wanga suchotsa mfundo yanga, ndipo chimene chinachitika kenako chinailimbitsa. Fayilo itayenda mpaka kumapeto, ndinatsegula mndandanda wa mawu opezeka kwambiri. Pamwamba panali zinthu zimene si mawu a Chichewa: m, n, ng, pang, ono, ndiponso kachizindikiro ka mkhwatulo kali pakokha. Pang'ono anali atadulidwa pakati. Ng'ombe inasanduka ng ndi ombe. Chifukwa chake n'chakuti kachizindikiro kamene timalemba mu ng' ndi m' kali ndi maonekedwe awiri pa kompyuta, kowongoka ndi kopindika, ndipo kwa kompyuta izi ndi zilembo ziwiri zosiyana. Mapulogalamu ambiri olembera amasintha kowongoka kukhala kopindika mukamataipa. Chida chodulira mawu cha NLTK chikaona kopindikako chimakatenga ngati chizindikiro chotsekera mawu ogwidwa, monga zimakhalira m'Chingerezi, n'kukapatula. Sichinalakwe, chinachita zimene chinapangidwira. Tifayilo ta punkt tija tilipo ta Chingerezi, Chifalansa, Chijeremani ndi ziyankhulo zina zingapo, koma ta Chichewa palibe.

Chimenechi chinali chodalira chachitatu, ndipo sichinali phukusi ayi. Code ya achimwene inkadalira kuti nkhani zonse zikhale ndi kachizindikiro kowongoka, ndipo zawo ziyenera kuti zinali choncho. Palibe mzere wofiira umene unatuluka pa chimenechi. Ndikanakhala wofulumira, ndikanatenga manambalawo n'kujambula girafu yokongola, n'kupereka ntchito yonena kuti "ono" ndi limodzi mwa mawu otchuka m'nyuzipepala za Chichewa. Mzere umodzi wa R unasintha tizizindikiro tonse kukhala towongoka, koma ukatha pamenepo panatsalabe funso limene kompyuta singayankhe: kodi m'komiti ndi liwu limodzi kapena awiri? Ngati ndi limodzi, ndiye kuti komiti awerengedwa mochepera. Tinakambirana zimenezi anayi tonse Lachinayi madzulo, ndipo ndi pokhapo pamene ndinamva kuti tikuchita ntchito ya maphunziro athu.

Tsopano taganizani izi. Ku dipatimenti kwathu, mukalemba nkhani n'kutenga mfundo m'buku osatchula mwini wake, mumaitanidwa ku ofesi. Mukatchula buku koma osatchula chaka kapena tsamba, malikisi amadulidwa. Timadandaula nazo, koma chifukwa chake tonse timachidziwa: wowerenga ayenera kutha kutsatira mapazi anu n'kukafika pamene inu munafika. Buku limodzi likhoza kusindikizidwa kangapo, masamba n'kusintha, ndiye kungoti "onani m'buku lakuti" sikokwanira. Nanga n'chifukwa chiyani lamulo lomweli limatha mphamvu ntchito ikakhala code? Fayilo imene imati import nltk osanena kuti NLTK yake ndi ya version iti, pa Python uti, ndi tifayilo titi towonjezera, ili ngati nkhani yodzaza ndi mawu ogwidwa koma yopanda tsamba la mabuku kumapeto. Manambala amene atuluka mu code yotere palibe amene angawatsimikize, ngakhale aphunzitsi amene akuchonga. Akhoza kungokhulupirira.

Ndipo kulemba zimenezi n'kosavuta mochititsa manyazi. Mu Python, lamulo la pip freeze limatulutsa mndandanda wa maphukusi onse ndi manambala a version zawo, ndipo anthu amausunga mu fayilo yotchedwa requirements.txt. Mu R, sessionInfo() amanena version ya R ndi ya phukusi lililonse limene latsegulidwa. py_config() amanena za Python amene R akuyankhula naye. Kwa ofuna zolongosoka kuposa apa, pali phukusi la renv, limene limasunga mndandanda wonse mu fayilo imodzi kuti wina adzathe kubwezeretsa zonse mmene zinalili. Kukopera zotuluka m'malamulo atatu oyambawo n'kuziika mu fayilo ndi ntchito ya mphindi ziwiri. Kusowa kwa mphindi ziwirizo kunandidyera usiku wathunthu, m'mawa wake, ndi bandulo ya sabata.

Nkhani ya bandulo ndiibwereze, chifukwa malangizo ambiri a pa intaneti amalembedwa ndi anthu amene intaneti saiwerengera. "Chotsani zonse muikenso" ndi langizo labwino kwa munthu amene ali ndi WiFi yosatha ndi magetsi osazima. Kwa ife, kuyesa kulikonse kuli ndi mtengo, ndipo kudawuniloda kukadukira panjira magetsi atathima, mumayambiranso pachiyambi. Choncho kuno, kusiyana kwa kuyesa mwachisawawa ndi kudziwa chimene chikusowa si nkhani ya ukhondo wa ntchito chabe. Ndi nkhani ya ndalama. Amene ali ndi ndalama amayesa mpaka zitatheka. Amene alibe amasiya, n'kumanena kuti za makompyuta si za iye.

Ndikudziwa zimene ena munene. Choyamba, achimwene aja anatichitira chifundo, sanalipidwe, ndiye ndikudandauliranji? Zoona, ndipo ndikuwathokoza, chifukwa popanda fayilo yawo tikanawerenga mawu ndi pensulo. Sindikuwaimba mlandu wa nkhanza. Iwo sankadziwa kuti code yawo imadalira zinthu zimenezi, chifukwa pa laputopu yawo zinalipo kale, ndipo chimene chilipo kale sichioneka. Munthu sadziwa kuti nyumba yake ili ndi fungo mpaka mlendo atalowa. N'chifukwa chake nkhaniyi siyenera kusiyidwa m'manja mwa chifundo cha munthu. Iyenera kukhala chizolowezi chophunzitsidwa m'kalasi tsiku loyamba, monga mmene timaphunzitsidwira kulemba mndandanda wa mabuku tisanalembe nkhani yoyamba. M'semesita yathu ya R tinaphunzira kujambula magirafu amitundumitundu, koma za kufunsa kompyuta kuti ikugwiritsa ntchito chiyani sitinazikhudze.

Chachiwiri, wina anena kuti vuto ndi kusakaniza ziyankhulo, ndiye tingosankha chimodzi. Pa ntchito yathu yeniyeniyi akunena zoona ndithu: R ali ndi maphukusi akeake odulira mawu, ndipo tikanatha kumaliza osamukhudza Python. Ndikanadziwa zimenezi Lachitatu, ndikanagona. Koma langizoli silifika patali. Zida zambiri zatsopano zogwirira ntchito pa ziyankhulo zimayamba kutulukira mu Python, pomwe njira zambiri zowerengera zimene aphunzitsi athu amadziwa zili mu R. Ndi chifukwa chake pali reticulate, komanso pali rpy2 amene amachita zosiyana, kulola Python kuitana R. Ife ophunzira ziyankhulo ndife omaliza amene tiyenera kuopa malo amene ziyankhulo ziwiri zikumana. Timadziwa kuti pomasulira pamatayika zinthu, ndipo kuno n'chimodzimodzi: R amayamba kuwerenga pa 1, Python amayambira pa 0, ndipo nambala 5 ikachoka ku R imafika ku Python ngati 5.0 pokhapokha mutalemba 5L. Womasulira wabwino sathawa zimenezi, amangodziwa pamene zili.

Chachitatu, bwanji osangogwiritsa ntchito Google Colab, kumene code imayendera pa makompyuta a ena ndipo maphukusi ambiri alipo kale? Ndi njira yabwino netiweki ikakhala yodalirika. Koma siichotsa funso lija, imangolibisa. Maphukusi a kumeneko amasinthidwa nthawi ndi nthawi, ndipo chimene mwaikako nokha chimafufutika makinawo akatsekedwa. Fayilo imene ikuyenda lero ikhoza kukana chaka chamawa, ndipo ngati simunalembe kuti inkayenda ndi chiyani, mwabwerera pomwe ndinali ine.

Pali chachinayi, chimene chimandikwiyitsa kwambiri, ndipo ndimachimva kwa ena a sayansi ya makompyuta: akuti kuvutika kotere ndiye kuphunzira, aliyense anadutsamo. Ine ndinaphunziradi, koma chimene ndinaphunzira chikanatha kunenedwa m'ziganizo zitatu. Usiku wonse uja sunandiphunzitse kanthu, unangonditopetsa. Chimene chinandiphunzitsa ndi funso limodzi la munthu wa mswachi m'kamwa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo phula ndinalidyadi, koma munthu sangafunse za chinthu chimene sakudziwa kuti chilipo. Sindikanafunsa kuti Python uti pamene ndinkakhulupirira kuti Python ndi mmodzi.

Ndipo tisamaganize kuti ili ndi vuto la ife ongoyamba kumene. Mu Malichi 2016, wolemba mapulogalamu wina dzina lake Azer Koçulu anachotsa maphukusi ake pa npm, nkhokwe yaikulu ya chiyankhulo cha JavaScript. Limodzi mwa iwo, left-pad, linali la mizere 11 yokha, koma ntchito zikuluzikulu zambiri padziko lonse zinkalidalira, zina osadziwa n'komwe, ndipo zinalephera kumangika tsiku limenelo. Mu Juni 2024, NumPy, phukusi limene maphukusi ambiri a Python a manambala amaimapo, linatulutsa version 2.0, ndipo maphukusi ena amene anamangidwira NumPy yakale anayamba kukana mpaka eni ake atawakonzanso. Akatswiri amagwa m'dzenje lomweli. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo anazolowera kulemba zimene akudalira, ndiye akagwa amadziwa poyambira kufufuza.

Chimene ndikupempha n'chaching'ono. Aphunzitsi amene amalandira ntchito yokhala ndi code azifuna kuti ibwere ndi fayilo yonena zimene imadalira, ndipo azidula malikisi ikasowa, monga amadulira tikaiwala chaka cha buku. Amene mukumaliza maphunziro n'kusiyira achichepere mafayilo anu, yesani kaye kuyendetsa fayiloyo pa laputopu ya mnzanu musanaitumize. Ikakana, mwapeza chimene munaiwala kulemba.

Ntchito tinapereka Lachisanu, itatsala mphindi 20. Loweruka ndinalembera achimwene aja kuwathokoza, ndipo ndinawafunsa mwaulemu kuti ankagwiritsa ntchito NLTK ya version iti, kuti ndilembe m'lipoti. Anayankha ndi tinkhope toseka: "Mng'ono wanga, kwa ine zinkangoyenda." Nditafunsanso, anati laputopu imene anachitirapo ntchitoyo anaigulitsa atamaliza sukulu, ndipo wogulayo anafufuta zonse. Fayilo ali nayo, lipoti ali nalo, koma manambala a m'lipotilo sangathenso kuwatulutsa mmene anawatulutsira, chifukwa chimene chinkachititsa kuti zizingoyenda chinapita ndi makinawo.

Mufoda yathu tsopano muli kafayilo kotchedwa werengani-kaye.txt. Muli version ya R, version ya Python ndi adiresi yake, version ya NLTK, dzina la punkt_tab ndi lamulo lokatengera, chenjezo loti mzere wa use_python ukhale pamwamba ndipo R ayambidwenso, ndi ndime yaifupi yofotokoza za kachizindikiro ka mu ng'ombe ndi chimene tinagwirizana pa m'komiti. Mtsikana wina wa chaka chachiwiri wapempha kale fodayo, ndipo ndamuuza kuti akangoona mzere wofiira anditumizire wonse, osati mawu omaliza okha. Ma Python awiri osafunika aja akadali mu laputopu yanga. Mnzanga uja akuti ndiwachotse, koma ndikuopa kukhudza chilichonse magiredi asanatuluke.